Khadi la Ndaziona

Foni yanga imalira m'chitenje kawiri pa tsiku.
M'mawa, ndikuunjika milu ya kachewere pa Lizulu,
imati: Ndaziona walowa.
Dzuwa likapendekera ku Mozambiki
imati: Ndaziona watuluka.
Ndinagulitsa ndowa ziwiri za tomato
kuti izindiuza zimenezi.

Pa msonkhano wa makolo, a hedi a Chinkhota
anakweza kakhadi m'mwamba ndi zala ziwiri.
Kuyambira lero, anatero, palibenso mwana wosowa.
Akagunditsa pa geti, makina amuona.
Tinawomba m'manja.
Bodza n'loipa, nthungululu yoyamba inali yanga.

Lachitatu lina, chifunga chitameza mseu,
foni inalira pa nthawi yake. Walowa.
Ndinazungulira kuseri kwa shedi kukatenga masaka,
n'kumupeza pamenepo,
atakhala pa thumba la kabichi,
juzi atalikokera mpaka m'mawondo,
m'khosi mulibe chingwe.

Ndinayang'ana foni. Ndinayang'ana mwana.
Mmodzi mwa awiriwa amanama,
ine ndinakhulupirira amene amanjenjemerayo.

Khadi anapatsira Lekeleni, mnzake wa desiki limodzi.
Masabata atatu khadi lakhala likupita kusukulu,
osajomba, osachedwa.
Likanakhala ndi dzanja bwenzi litalemba ndi mayeso omwe.

Chifukwa chake sichinatuluke msanga.
Anayamba wakumba dothi ndi chala cha kuphazi.
Pa kamlatho ka matabwa, kumunsi kwa mabulugama,
pamaima wakabaza wa jekete lofiira
amene amazimitsa njinga akamuona.
Poyamba anali maswiti.
Kenako anamuitana dzina lonse, ndi kalasi yomwe.
Anakuuza ndani? ndiye kufunsa kwa mwana.
Munthuyo anangoloza pachifuwa pake,
pomwe sukulu inalemba zonse ndi zilembo zazikulu
kuti makina asavutike.

Anawauza a madamu.
A madamu anati zakunja kwa geti n'za makolo.

Kachewere ndinamusiyira anaNgozo.
Mu ofesi, a hedi anatembenuza kompyuta kuti ndione.
Onani mayi, mzere wobiriwira. Mwana wanu ali m'kalasi.
Dzanja la mwanayo linali m'dzanja langa,
lozizira ngati mwala wa pamtsinje.
Atamuzindikira anakhosomola,
n'kutsegula buku la malamulo:
kubwereketsa khadi ndi mlandu, pali chindapusa.

Ndinati, bambo, ine sukulu ndinalekezera sitandade 5,
koma mbuzi ndinawetapo.
Woweta amene amawerenga zingwe m'khola
fisi amamupatsa moni.
Mwana akachoka pakhomo panga atavala yunifolomu yanu,
pa kamlatho paja amakhala wa yani?
Magetsi akazima, ana onsewa amapita kuti?
Mpando wake wakhala wopanda munthu masabata atatu.
M'kalasimo munalibe maso?

Anati nkhaniyi aitengera ku komiti.

Komiti sinakumanebe.
Chindapusa sindinapereke, ndipo sanandikumbutse.
Tsopano ndimadzuka kudakali mdima,
mabasi oyamba a ku Lilongwe amadutsa ndisanayale malonda.
Timatsetsereka limodzi, ine, Ndaziona, Lekeleni,
ndi tiana tina titatu tomwe amayi awo sindiwadziwa n'komwe,
timangotuluka m'chimanga n'kutsata.
Wa jekete lofiira atationa tsiku loyamba
anawerama ngati akukonza tcheni.
Nambala ya njinga yake ndinaipereka kupolisi,
yolembedwa pa chikatoni cha sopo.

Tikafika pa geti ndimamukonza kolala,
khadi n'kulitembenuza, dzina liyang'ane kumtima.
Amagunditsa. Amalowa.
Foni imalira m'chitenje
ine ndikuuonabe msana wake ukuchepa m'chifunga,
ndipo sindiitulutsa
mpaka atakhota pa ngodya ya sitandade 6.